Tifunseni: Ulendo Wokaonera Mpikisano wa Mahatchi ku Durban

FUNSO

Akonzi, ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala ku Nsipe m'boma la Ntcheu. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Durban, m'dziko la South Africa, ndipo iye ndi mwamuna wake atiitana, ine ndi mayi a kunyumba, kuti tikawachezere m'mwezi wa July. Mkamwini wangayo wandiuza pa foni kuti watigulira kale matikiti a mpikisano wa mahatchi wotchedwa Durban July. Hatchi ndimangoiona pa kanema, ndipo zimene ndimamva n'zakuti kumalo otere kumakhala njuga yokhayokha, pamene ine ndine mkulu wa mpingo. Kodi kumeneko kumachitika zotani, munthu amavala chiyani, nanga n'zotheka kupitako osabetcha? Sindikufuna kukhumudwitsa mkamwini, komanso sindikufuna kukachita manyazi pagulu.

Mphunzitsi wopuma, Nsipe, Ntcheu

YANKHO

Bambo, tikiti imene mkamwini wanu wagula ndi yolowera pachipata basi, ndipo palibe lamulo lokakamiza munthu amene walowa kuti abetche. Mukhoza kukhala pabwalopo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndalama zanu zili m'thumba, popanda wina wokufunsani chifukwa chake. Kubetcha kumakhalako ndithu, ndipo n'kochuluka, moti ngakhale dzina la mpikisanowu kuyambira m'chaka cha 2022 limayamba ndi la kampani ya zobetcha ya Hollywoodbets, imene inalowa m'malo mwa Vodacom pothandiza ndi ndalama. Ngati chikumbumtima chanu kapena malamulo a mpingo wanu salola ngakhale kupezeka pamalo otere, muuzeni mkamwiniyo msanga komanso mwaulemu. Koma ngati chimene mukupewa ndi kubetcha kokha, malangizo athu ndi akuti pitani mukaone mahatchi, chifukwa ndiwo amene ambiri opita kumeneko amaiwala kuwaona.

Durban July imachitikira pabwalo la Greyville, pafupi kwambiri ndi pakati pa mzinda wa Durban, Loweruka loyamba la mwezi wa July. Mpikisano woyamba unachitika m'chaka cha 1897, ndipo masiku ano mahatchi amathamanga mtunda wa mamita 2,200. Bwalolo ndi lalikulu kotero kuti mkati mwake muli bwalo lina la masewero a gofu, ndipo pa tsikuli pamasonkhana anthu masauzande ambiri ochokera m'madera onse a dzikolo.

Chimene chimadabwitsa alendo ambiri ndi kufupika kwa mpikisano weniweniwo. Tsiku lonse pamakhala mipikisano yoposa khumi yotsatizana, ndipo waukulu umene aliyense amadikira umachitika chakumadzulo, n'kutha patangopita mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa. Nthawi yotsalayo anthu amakhala akudya, kumwa, kumvera oimba ndi kuonetsana zovala, ndipo ena amene amalipira ndalama zambiri kuti akhale m'matenti a anthu olemekezeka amabwerera kwawo asanaone ndi mchira womwe wa hatchi. Inu musatero. Mukangolowa, gulani kabuku ka ndondomeko ya tsikulo, mmene mumalembedwa nambala ndi dzina la hatchi iliyonse, wokwerapo, mphunzitsi wake, kulemera kumene inyamule, ndi mmene inachitira m'mipikisano yapitayi. Kenako funsani komwe kuli kabwalo koonetsera mahatchi, pamene owasamalira amawayendetsa mozungulira mpikisano uliwonse usanayambe. Apo ndi pamene mudzaione hatchi chapafupi: khungu lonyezimira, mitsempha yotukuka m'khosi ndi m'miyendo, makutu osakhazikika, ndipo ina imakhala itayamba kale kutuluka thukuta loyera ngati thovu chifukwa cha phokoso la anthu. Okwerawo ndi anthu ang'onoang'ono m'thupi koma olimba manja, ndipo malaya owala amene amavala ndi a mitundu ya mwini hatchi, kuti oonera athe kusiyanitsa mahatchiwo ali patali. Mahatchi akachoka pamenepo, yesetsani kupeza malo pafupi ndi mpanda wa m'mbali mwa njira yothamangiramo, cha kumene amamalizira. Mdidi wa ziboda umayamba kumveka mahatchiwo asanafike, zibuma za udzu zimauluka m'mwamba, ndipo mukhoza kumva okwerawo akukuwirana. Zimenezi pa kanema sizimveka.

Kuti mumvetse chimene chikuchitika, dziwani kuti mu Durban July mahatchi sanyamula kulemera kofanana. Akatswiri amaunika mmene hatchi iliyonse yakhala ikuchitira, ndipo yamphamvu kwambiri amaipatsa kulemera kochuluka, pamene yocheperapo mphamvu amaipepukitsira, ngati mmene mungasenzetsere mnyamata waliwiro thumba la mbatata kuti anzake athe kulimbana naye. Kulemeraku ndi kwa wokwera pamodzi ndi chishalo chake, ndipo kukaperewera amawonjezera tizitsulo tolemera m'nsalu ya pansi pa chishalo. Wokwera amayezedwa pa sikelo asanakwere, ndipo opambana amayezedwanso akatsika. Ichi n'chifukwa chake mpikisanowu ndi wovuta kulosera, komanso n'chifukwa chake anthu amalemekeza hatchi yotchedwa Do It Again, imene inapambana mu 2018 n'kudzapambananso mu 2019 itanyamula makilogalamu 60.

Mukadzamva anthu a kumeneko akutchula S'manga Khumalo, dziwani kuti ndiye wokwera wakuda woyamba kupambana mpikisanowu, zimene anachita mu 2013 ali pa hatchi yotchedwa Heavy Metal, patapita zaka zoposa 100 chiuyambire. Achikulire amakumbukiranso hatchi yotchedwa Sea Cottage, imene mu 1966 inawomberedwa ndi mfuti kutatsala masabata atatu kuti mpikisano uchitike, pa nkhani yokhudzana ndi ndalama za kubetcha. Inathamangabe chaka chomwecho n'kukhala yachinayi, ndipo mu 1967 inafika pamzere womaliza nthawi imodzi ndi ina yotchedwa Jollify, moti chipambano anachigawana.

Nkhani ya Sea Cottage ikusonyeza kukula kwa ndalama zimene zimayenda pa tsikuli, choncho ndi bwino mudziwe mmene kubetchako kumayendera, ngakhale inu simudzachita nawo, kuti wina asadzakunamizeni. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya thumba limodzi, imene kumeneko amaitcha tote: ndalama za onse obetcha zimaikidwa pamodzi, oyendetsa amachotsapo gawo lawo ndi misonkho, ndipo zotsalazo zimagawidwa kwa amene alosera molondola. Yachiwiri ndi ya makampani kapena anthu ovomerezeka amene amalengeza mtengo wa hatchi iliyonse. Akalemba 5/1, ndiye kuti woika R10 adzalandira R50 ndi R10 yake ija ngati hatchiyo yapambana, koma ikalephera, R10 ija yapita. Munthu akhoza kubetcha kuti hatchi ikhala yoyamba, kapena kuti ingopezeka m'gulu la zoyambirira, zimene zimalipira ndalama zochepa. M'njira zonsezi, ndalama zobwerera kwa anthu zimakhala zochepa poyerekeza ndi zimene anthuwo aika, chifukwa oyendetsa sagwira ntchito yaulere. Mudzakumananso ndi anthu olankhula motsimikiza kuti akudziwa hatchi yopambana ndipo akufuna kukuthandizani. Amenewo muwayankhe kuti zikomo, n'kupitiriza ulendo wanu. Ngati mkamwini adzakupemphani kuti musankhe hatchi, mukhoza kutchula imene yakusangalatsani pa kabwalo kaja n'kumaichemerera ndi pakamwa pokha, ndipo chisangalalo chake sichichepa.

Pa za kavalidwe musade nkhawa. Chaka chilichonse okonza amalengeza mutu wa zovala, ndipo osoka zovala otchuka amapikisana, koma zimenezo ndi za ofuna kujambulidwa. Suti imene mumavala pa Mgonero, malaya ochapa bwino ndi nsapato zopolisha n'zokwanira. Mayi akasoketsa diresi la chitenje chabwino ndi duku kapena chipewa, adzakhala atavala moyenera, ndipo mwina adzaposa ambiri. Chenjezo lathu kwa iwo ndi la nsapato za gogoda, chifukwa malo ambiri ndi a kapinga ndipo munthu amakhala choimirira nthawi yaitali. Matenti ena amakhala ndi malamulo awoawo a kavalidwe, choncho mwana wanu aonetsetse zimene zalembedwa pa tikitiyo. Mwezi wa July ndi wachisanu kumenekonso, koma Durban ili m'mphepete mwa nyanja yamchere ndipo masana kumakhala kofunda kusiyana ndi ku Tsangano kapena ku Dedza. Madzulo kumazizira, choncho jekete ndi juzi musazisiye.

Ngati mukuyenda pa basi, ulendo wodutsa ku Tete m'dziko la Mozambique, ku Harare ndi pachipata cha Beitbridge umakafika ku Johannesburg, kumene mu July kumazizira koopsa usiku ndi m'mamawa, ndipo kuchoka apo pamatsala mtunda wa makilomita oposa 550 kuti mufike ku Durban. Nyamukani masiku angapo tsikulo lisanafike kuti mukapume, ndipo onetsetsani kuti mapasipoti anu sali pafupi kutha. Pabwalopo foni ndi chikwama cha ndalama zikhale m'thumba la mkati, ndipo mugwirizane ndi ana anu malo okumanirana ngati mutasowana, popeza pa chikhamu chotere foni imavuta kumveka. Potuluka, misewu yozungulira Greyville imadzaza, choncho za galimoto yobwerera kunyumba zikonzedwe m'mawa.

FUNSO

Ine ndine mayi wa ku Linthipe, ku Dedza. Mwamuna wanga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ine ndi ana timapitako pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka. Mwana wathu wa zaka 12 amakonda mahatchi kwambiri. Kodi tingamutengere ku mpikisano waukulu?

Mayi wa ana atatu, Linthipe, Dedza

YANKHO

Mayi, ku Johannesburg kuli bwalo la Turffontein, kumwera kwa mzindawu, kumene kumachitikira mpikisano waukulu wa Summer Cup cha kumapeto kwa November kapena kumayambiriro kwa December, ndipo ku Cape Town kuli wina wotchedwa Met, umene umachitikira pabwalo la Kenilworth m'mwezi wa January. Komabe masiku akuluakulu oterewa amakonzedwa poganizira akuluakulu: pamakhala mowa wambiri, ndipo malamulo a dzikolo salola munthu wosakwana zaka 18 kubetcha, moti nthawi zambiri ana amaletsedwa kulowa pa tsiku la chikondwerero. Kwa mwana wokonda mahatchi, tsiku wamba la mipikisano ndilo labwino, chifukwa anthu amakhala ochepa ndipo iye adzatha kuima kutsogolo pa kabwalo koonetsera mahatchi popanda womutchinga. Bambo a anawo afunse ku ofesi ya bwalolo za masiku amene ana amaloledwa kulowa ndi makolo awo, asanagule matikiti.