Mwana wasankhidwa ku BSS, koma bambo ake akuti apite ku pulayiveti

Mayi wina wa ku Mulanje wandilembera motere: "Mwana wanga wamkazi wasankhidwa kupita ku Blantyre Secondary School (BSS). Ine ndinaliza nthungululu, koma bambo ake akuti sukulu zakalezi zinangotsala dzina, bola timulipirire pa pulayiveti ina ya pafupi ndi kwathu kuti tizimuona. Kodi sukuluyi inachokera kuti, ndipo dzina lakelo lili ndi ntchito lero?"

Mayi, nthungululuyo simunalakwitse. Sukulu zimene boma limayendetsa lokha n'kumatengerako ana a m'dziko lonse zilipo zinayi: Blantyre, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu. Ana olemba mayeso a sitandade 8 chaka chilichonse ndi ankhaninkhani, malo m'sukulu zimenezi ndi ochepa zedi, ndipo mwana wanu wapeza amodzi mwa malowo ndi mutu wake, popanda kugwada kwa munthu. Bambo ake ayambe amva kaye zimenezo.

Tsono za mbiri. Amishoni a ku Scotland anafika pa Blantyre mu 1876 ndipo sanachedwe kutsegula sukulu. Mu 1909 anatsegula Henry Henderson Institute, imene tonse timangoti HHI, yophunzitsa aphunzitsi ndi amisiri. Koma sekondale yeniyeni munalibe m'Nyasaland monse mpaka mu 1940, pamene Blantyre Secondary School inatsegulidwa mothandizana pakati pa mamishoni a Chipulotesitanti ndi boma la atsamunda. Werengani nokha: zaka 64 mwana wa m'dziko muno akuphunzitsidwa kuwerenga Baibulo, kupala matabwa ndi kulemba makalata a bwana, koma khomo lopitira patsogolo lili chitsekere. Wofuna zambiri ankawoloka malire. Kamuzu Banda amene, sekondale yake anakaimalizira ku Wilberforce, ku Ohio m'dziko la America. Akatolika anatsatira mu 1942 ndi Zomba Catholic, ija anthu amaitcha Box 2, ndipo boma linadzamanga yakeyake ku Dedza mu 1951.

Ndiye ganizirani m'zaka zimenezo: dziko lonse, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, masekondale owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Wofika ku BSS amakhala wasefedwa ngati ufa woyera. N'chifukwa chake ena mwa amene anadzagwedeza boma la atsamunda anadutsa pamenepo. Henry Masauko Chipembere anaphunzira pa BSS, napitirira ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, kenaka ku Fort Hare ku South Africa. Mu 1956 analowa m'nyumba ya malamulo ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, ndipo dziko likulandira ufulu mu 1964 iye ndiye anali nduna ya zamaphunziro.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, chifukwa ndi pomwe ine ndi bambo akunyumbawo tikusiyana. Chimene chinapanga dzina la BSS si njerwa kapena malata. Ndi ana amene ankasonkhanitsidwapo. Ndipo chimenecho sichinathe, popeza mpaka lero Unduna wa Zamaphunziro umayamba wadzaza sukulu za dziko lonsezi ndi okhoza kwambiri, kenaka n'kutsikira ku zogonera za m'maboma, zoyendera, mpaka ma CDSS. Mwana wanu wazolowera kukhala nambala wani pa sukulu yake. Ku fomu 1 akapeza kuti woyandikana naye desiki anali nambala wani ku Chitipa, wakumbuyo kwake anali nambala wani ku Mchinji. Teremu yoyamba mwina adzabwera ndi nambala 30 misozi ili chuchuchu. Musadzamukalipire, ndiye mankhwalawo.

Ine ndinaphunzira pa sukulu ina yogonera komweko, osati BSS. Chimene ndimakumbukira si mphunzitsi ayi, koma mnyamata wina wa ku mpoto amene ankadzuka 3 koloko m'bandakucha, n'kuviika mapazi m'ndowa ya madzi ozizira kuti tulo tisamugwire, buku la masamu lili pamwendo. Ndinamuseka sabata yoyamba. Yachitatu ndinali nditabwereka ndowa.

Komabe bambowo sakunama pa zonse. Sukulu yomangidwa agogo athu ali anyamata imakalamba ngati nyumba ina iliyonse, ndipo m'sukulu zambiri za boma ana achuluka kuposa zipangizo. Moyo wogonera nawo si wa masewera: mgaiwa ndi nyemba mlungu wonse, kuchapa wekha, kudwala mayi ali kutali, ndiponso tizing'i imene m'sukulu zina a mafomu apamwamba amachitira a fomu 1 ngakhale ndi yoletsedwa. Komanso BSS ili mumzinda, pafupi ndi Ndirande, si kuthengo kumene mwana sangaone china koma mitengo. Nkhawa ya bambo pa mwana wamkazi wa msinkhu umenewu ndi ya kholo, musaitenge ngati nkhanza.

Mankhwala a nkhawa imeneyo ndi mapazi. Kuchoka ku Mulanje kufika mu Blantyre ndi ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo. Kwerani minibasi nonse awiri sukulu isanatsegulidwe, mukapemphe kuonana ndi a hedi kapena owatsatira. Mukafunse zotsatira za MSCE za zaka zitatu zapitazi, osati za chaka chimodzi chokha, ndi kuchuluka kwa ana amene anasankhidwa kupita ku mayunivesite a boma. Mukafunse ngati aphunzitsi a masamu, Physics ndi Chemistry alipo okwanira. Mukaone labotale ndi maso anu. Inu Mayi mukapemphe kuonetsedwa kogona atsikana, mucheze ndi a matroni, muwafunse kuti mwana akadwala usiku amatani ndipo ana amatuluka kunja kwa mpanda ndi chilolezo cha yani.

Mafunso omwewo mukawafunsenso pa pulayiveti ija, n'kuwonjezerapo awiri: kodi inalembetsedwa ku Unduna, nanga ili ndi nambala yake ya malo olembera mayeso ku MANEB? Alipo mapulayiveti abwino kwambiri, sindikukana, koma abwinowo fizi yake imaluma. Muwerengetse materemu 12, osati imodzi yoyambayi, ndipo muwerengere chaka chimene mvula yavuta.

Chinanso chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti posankha ana opita ku yunivesite, a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, safunsa kuti sukulu yako inamangidwa liti. Amaona magiredi. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, ndipo mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa. Amafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Ngati mwana wanu akulota za udokotala ku yunivesite ya KUHeS kapena uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS, masamu ndi masayansi aziwagwira mwamphamvu kuyambira fomu 1, asadikire fomu 3. Dzina la BSS silidzamulembera mayeso, koma anzake amene akawapeze kumeneko adzamuthamangitsa kuposa mmene inu mungamuthamangitsire pakhomo.

Mukandifunsa ine, mwanayo apite. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akakayesa chaka chimodzi zinthu n'kuvuta, pulayiveti ija idzakhala ikadalipo ndipo ndalama zanu sidzazikana. Koma malo a ku BSS akapanda kufikapo pa nthawi yake amaperekedwa kwa mwana wina pa chisankho chachiwiri, ndipo kuwapezanso n'kovuta. Choncho kambiranani msanga, ndipo pokambiranapo mwiniwakeyo akhale pomwepo. Mwamufunsa kale kuti iye akufuna kuti?