Funso la owerenga: nkhani ya mtsikana wothawa nkhondo ikumveka ngati ulaliki

Mayi wina, mphunzitsi wa sekondale, watilembera kuti akulemba buku la nkhani yopeka ya mtsikana wa zaka 13 amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique n'kulandiridwa ndi banja la kuno ku Malawi. Akuti akaliwerenga likumveka ngati ulaliki, ndiye akufunsa chochita kuti ubwino wa anthuwa umveke weniweni.

Mayi, kawirikawiri matenda amenewa amabwera chifukwa chifundo cha m'nkhaniyo sichikuwatayitsa kanthu ochichitawo. Kuti mudziwe chimene anataya, yambani mwakhazikitsa malo ndi chaka. Anthu anayamba kukhamukira kuno mwaunyinji mu 1986, ndipo pamene boma la Frelimo ndi gulu loukira la Renamo ankasainirana pangano la mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, othawawo anali atapitirira 1 miliyoni. Mtsikana wa ku Mutarara alowera ku Nsanje, ayankhula Chisena, ndipo mwina akathera kumsasa ngati wa Mankhokwe. Wa ku Angonia angodumpha msewu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza, umene m'malo ena ndiwo malire enieni, n'kupeza anthu a chiyankhulo chake, mwinanso achibale. Sankhani mmodzi, osawasakaniza.

Kenako lowani m'nyumba ya omulandirawo muwerenge zinthu. Mphasa zilipo zingati? M'nkhokwe mwatsala chiyani mwezi wa Febuluwale? Mtanda wa nsima umene mtsikanayu wadya wachoka m'mbale ya ndani, ndipo mwiniwakeyo wamuyang'ana bwanji? Sukulu ya pulayimale inali yolipira mpaka 1994, choncho akayamba sukulu, pali nkhuku kapena mbuzi imene yagulitsidwa. Nkhuni zinkatha m'madera amene munadzaza anthu, pachitsime mzere unkatalika, ndipo m'mudzi simungalephere kukhala wina wong'ung'udza kuti alendowa atimalizira zinthu. Munthu ameneyu musamuchotse, komanso musamusandutse mfiti. Madandaulo ake ali ndi pogwira.

Pamene pali mafuta a nkhani yanu ndi apa. Othawa nkhondo olembetsedwa ankalandira chakudya pa khadi: chimanga kapena ufa, nyemba kapena nandolo, mafuta ophikira ndi mchere. Eni mudzi sankakhala pa khadi limeneli. Ndiye chilala cha 1992 chitavuta, mlendo uja akhoza kukhala ndiye ali ndi kathumba ka ufa pamene omusunga agona ndi njala. Muloleni mtsikanayo nayenso apatse, kaya mobisa kaya monyinyirika. Akamangolandira kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, owerenga amumvera chisoni koma samukonda.

Samalani ndi zinthu za nthawiyo, poti akuluakulu adzakugwirani msanga. Wailesi ya dziko inali MBC yokha, kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999. Akazi sankaloledwa kuvala buluku mpaka 1993. Pamsika ayufi (achinyamata a chipani cholamula cha MCP) ankafunsa khadi la chipani, ndipo za ndale anthu ankanong'onezana. Asilikali a Renamo anthu ambiri ankangowatchula kuti Matsanga. Mwana wa zaka 13 sangafotokoze chiyambi cha nkhondo ngati mphunzitsi wa mbiri. Iye akudziwa kuti anamusenzetsa katundu, kuti mchimwene wake anatengedwa usiku, kuti njira ya kumunda anakwiriramo mabomba. Zankhanzazo musazionetse zonse. Kamwana kongothawira pansi pa bedi galimoto ikaphulitsa n'kokwanira.

Amene anaona zimenezi akadalipo. Dzerani kwa amfumu, ndipo mucheze ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, olandira ndi olandiridwa omwe, aliyense payekha chifukwa pagulu amangovomerezana. Funso lakuti "munamva bwanji" limabweretsa yankho lalifupi la mwaulemu. Funsani kuti ananyamula chiyani pothawa, anagona kuti usiku woyamba, ndiwo inali chiyani, ndani anawabwereka mphika. Wina akakhala chete, musamukakamize. Sinthani nkhani kapena mubwerenso tsiku lina. Polemba sinthani mayina a anthu ndi a midzi, ndipo mtsikana wanuyo mumuumbe kuchokera kwa anthu angapo kuti pasapezeke wolozedwa chala pamaliro kapena kutchalitchi.