Ayi asisi, sikunali kungotayitsa nthawi

Asisi ena okhala ku South Carolina, ku America, anditumizira imelo, akuti agogo a amuna awo ankasewera baseball, masewera omenya kampira ndi ndodo, mu timu ya fakitale ya nsalu, ndiye akufunsa ngati inali ligi yeniyeni kapena kungotayitsa nthawi, komanso mbiri yake angaipeze kuti. Mawu oti kungotayitsa nthawiwo ndi amene andibaya pamtima.

Malume anga anasewera mpira wamiyendo mu timu ya kampani kwa zaka zambiri, masana akusenza mabelo a fodya madzulo ku treningi osapuma n'komwe, kampani itatseka timu inafera pompo. Chatsala ndi chithunzi chimodzi chothimbirira pakhoma kwa agogo, iwo atagwada kutsogolo, bandeji pabondo. Pamaliro awo palibe anatchulako za mpira olo m'modzi, mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye asisi mvetserani. Ku Carolina kuno mafakitale a nsalu anali ndi midzi yawoyawo, nyumba za kampani, sitolo ya kampani, timu ya kampani, Loweruka mudzi wonse kubwalo kukachemerera anzawo omwe adzakumane nawo pa makina Lolemba. Mnyamata akakhala katswiri mabwana ankamupatsa kantchito kopepuka kuti asapite ku fakitale ina. Shoeless Joe Jackson, katswiri wotchuka wa baseball, anayambira momwemo ku Brandon Mill ku Greenville, analowa ntchito ali kamwana, kusukulu osapitako, pa zaka 13 ali kale mu timu ya akuluakulu akulandira $2.50 pa gemu ya Loweruka. Anafika mpaka ku Chicago White Sox, timu ya m'ligi yaikulu, ndipo atamuletsa kusewera m'maligi akuluakulu chifukwa cha nkhani yogulitsa ndime yomaliza ya chikho cha World Series mu 1919 anabwerera kumatimu ang'onoang'ono omwewa.

Sindikunena kuti mabwanawo anali achifundo ayi, ankafuna antchito asathawe komanso aiwaleko kuchepa kwa malipiro, ndipo matimu a azungu ndi a anthu akuda ankasewera padera. Koma thukuta linali la osewera, osati la mabwana, ndipo ndimakana zoti mbiri ya baseball ndi ya matimu otchuka ngati New York Yankees basi.

Taonani za ku Bismarck, North Dakota. Neil Churchill, wogulitsa magalimoto, anasonkhanitsa timu yosakaniza akuda ndi azungu, muli Satchel Paige, katswiri wakuda woponya mpira. Mu 1935 anakatenga chikho choyamba cha National Baseball Congress ku Wichita, Kansas, mpikisano wa matimu ang'onoang'ono oterewa womwe anayambitsa Hap Dumont. Apo n'kuti kutatsala zaka 12 kuti Jackie Robinson, wakuda amene anathyola tsankho m'maligi akuluakulu, alowe ku Brooklyn Dodgers mu 1947! Timu ya katauni kakang'ono inatsogola maligi akuluakulu asanalote n'komwe.

Nanga matimu a mafakitale aja chinawapha n'chiyani?

TV makamaka, m'ma 1950 anthu anayamba kuonera magemu akuluakulu ali pampando kunyumba, magalimoto anachuluka, makampani anagulitsa nyumba za m'midzi ija, kenako mafakitale enieniwo n'kutseka.

Za kopeza mbiri, funsani apongozi anu dzina la fakitale ndi zaka zake, mupite ku laibulale ya tauniyo mukapemphe nyuzipepala zakale, zotsatira za magemu zinkatuluka ndi mayina a osewera. Ku Greenville kulinso myuziyamu ya Shoeless Joe Jackson. Ndipo ngati alipo wachikulire amene anawaonako agogowo akusewera, mujambuleni mawu pafoni sabata ino, ine za malume ndinachedwa nazo.