Bears itenge ndani pa nambala 9?

Izi ndinalemba draft ya 2024 isanachitike. Achimwene, mwafunsa kuti Chicago Bears ikuperewera pati, nanga itenge ndani pa draft ya NFL (pomwe matimu a ligi ya American football amasankha mosinthana osewera ochokera m'makoleji) ya pa 25 Epulo 2024 ku Detroit. Za nambala 1 tisatayirepo nthawi. Justin Fields, amene anali quarterback wathu (woponya mpira), anamutumiza kale ku Pittsburgh mwezi wa Marichi, ndiye malo amenewo ndi a Caleb Williams wa ku USC, quarterback amene anapambana Heisman, mphotho ya wosewera wopambana m'makoleji, mu 2022. Chiyambire timu imeneyi sinakhalepo ndi quarterback woponya mayadi 4,000 pa sizoni imodzi. Erik Kramer ndi amene anayandikirako, 3,838 mu 1995, ndipo pofika 2024 panalibe wamuposa.

Pomwe pali nkhani ndi pa nambala 9, chifukwa Ryan Poles, mkulu wosankha osewera ku Bears, ali ndi mipata inayi yokha pa draft ya 2024: 1, 9, 75 ndi 122. Wa raundi yachiwiri unapita ku Washington Commanders potenga Montez Sweat, ndiye akaphonya pa 9 alibe pokonzera msanga.

Ambiri muno akuti titenge wothamangitsa quarterback wa adani, ndipo sindikuwatsutsa kotheratu. Sizoni ya 2023 Bears inapanga ma sack (kugwetsa quarterback asanaponye mpira) 30 okha, ndi Carolina yokha imene inachepera pamenepo. Sweat anafika kumapeto kwa Okutobala koma ndiye anatsogolabe timu yonse ndi ma sack 6, kutanthauza kuti mbali inayo kulibe amene adani akumuopa. Anyamata alipo. Dallas Turner wa ku Alabama ali ndi liwiro, Jared Verse wa ku Florida State amakankha munthu mpaka kumubweza, pomwe Laiatu Latu wa ku UCLA ndi amene ali ndi luso la manja kuposa onse. Kungoti Latu anavulalapo khosi moti madokotala a ku yunivesite ya Washington anamuletsa kusewera asanasamuke. Zimenezo zimandidetsa nkhawa ndithu.

Komabe ine, Rome Odunze, wolandira mpira (receiver), akakhalapo pa 9, ndingamutenge osacheuka. Mundiuza kuti tili kale ndi DJ Moore, amene anapanga mayadi 1,364, komanso Keenan Allen amene wangobwera kuchokera ku Chargers. Zoona. Koma Allen akwanitsa zaka 32 mkati mwa draft yomweyi, ndipo kontirakiti yake yatsala chaka chimodzi. Darnell Mooney anapita ku Atlanta. Mmodzi mwa awiriwo akangovulala, Williams aziponyera ndani? Tinaziona kwa Fields mu 2022, anagwetsedwa ka 55, nthawi zambiri akusunga mpira kudikira munthu woti amasuke koma osaoneka. Mtima unkandiwawa kumuonera, ndipo sindikufuna Williams adutse momwemo.

Odunze anapanga mayadi 1,640 ku yunivesite ya Washington mu 2023, kuposa aliyense m'makoleji akuluakulu, ndipo timu yake inafika mu fainolo yomwe inagonja kwa Michigan mu Januwale 2024. Chimene ndimamukondera si manambalawo ayi, koma mpira wolimbirana. Ukamuponyera m'mwamba wotchinga atamumatirira, kawirikawiri amatsika nawo ndi iyeyo. Williams amakonda kuthawathawa kuseri kwa mzere n'kuponya mochedwa, ndiye akufunika munthu wotere. Onsewo akhalanso pa kontirakiti yotsika mtengo ya zaka zinayi, yokhala ndi mwayi wa chaka chachisanu, ndiye ndalama zotsalazo zikagula wothamangitsa uja chaka chamawa.

Za olandira mpira ena, Marvin Harrison Jr. ndi Malik Nabers, tiiwaleko, sindikuona akudutsa Arizona, Chargers ndi Giants omwe akusankha patsogolo pathu. Joe Alt wa ku Notre Dame, wa pa mzere woteteza quarterback, nayenso ndikukayika ngati angafike pa 9, ndipo Braxton Jones ndi Darnell Wright akuyesetsa m'mbali mwa mzeremo. Pakati pa mzere ndi pamene pakufunika kulimbitsa, koma mnyamata wa pamenepo angapezeke pa 75.

Odunze akatengedwa tisanafike, Poles asakakamire kukhala pa 9. Matimu ofuna quarterback monga Minnesota, Denver ndi Las Vegas ali kumbuyo kwathu pa 11, 12 ndi 13. Atsike pang'ono, apeze mpata wina wa tsiku lachiwiri, ndipo mmodzi mwa Verse, Turner ndi Latu amupezabe.