Trout ya m'mapiri athu: chifukwa chiyani simuyenera kupita nokha?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 25 konkuno ku Lilongwe. Akuti Loweruka lililonse amakawedza makumba ndi milamba ku Kamuzu Dam ku Malingunde, nyambo yawo nyongolotsi ndi nsima. Anaona pa YouTube anthu akuwedza trout m'mitsinje ya m'mapiri ndi ntchentche zochita kumanga, ndiye akufunsa kuti: "Kodi zimenezi ziliko kuno kwathu? Ngati ziliko, sindingapite ndekha? Ndalama ya wotsogolera ndikuiona ngati yongotaya, poti ine kuwedza ndinayamba ndili mwana."

Achimwene, ziliko ndithu. Koma ulendo woyambawo musayende nokha. Sikuti ndikupeputsa luso lanu, ayi. Kungoti nsomba iyi ndi ina, madzi ake ndi ena, ndipo dziko limene imakhalamo silikhululukira mlendo.

Trout si nsomba yathu yachibadwa. Imene ili kuno ndi ya mtundu wa rainbow, kwawo ndi mitsinje ya kumadzulo kwa North America, ndipo inabwera ndi atsamunda amene ankafuna kuwedza monga ankachitira kwawo. Imafuna madzi ozizira, oyera, okhala ndi mpweya wambiri. Madzi akafunda kupitirira madigiri 20 imafooka, akayandikira 25 imafa. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 okha, ndipo nonse mukudziwa mmene mtsinje wa Lingadzi umafundira mu Okutobala. N'chifukwa chake simudzaipeza kuno. Muyenera kukwera.

Pa phiri la Zomba, m'mtsinje wa Mulunguzi, ndi pamene mbiri ya nsombayi imadziwika kwambiri, ndipo kufikako n'kosavuta, ngakhale kudula mitengo ndi moto wolusa zachotsa mthunzi wambiri umene unkaziziritsa madzi. Ku Mulanje mumayamba mwakwera phiri maola angapo kuchokera ku Likhubula, ndipo amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Marichi 2023 sangauyambe ulendo umenewo popanda munthu wa komweko. Ine ndikukulozerani ku Nyika.

Kuchoka kuno mumatenga msewu wa M1 kudutsa Kasungu mpaka Mzuzu, makilomita opitirira 350, kenako Rumphi. Thirani mafuta odzadza pa Rumphi. Kuchoka pamenepo mpaka Chelinda, pamene pali kampu ya ku Nyika, kudzera pa geti la Thazima, ndi makilomita ena opitirira 100, ambiri mwa iwo a fumbi, ndipo mvula ikagwa pamafunika galimoto yokoka matayala onse anayi. Chelinda ali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300. Mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Pafupi ndi kampu pali madamu atatu momwe munthu angayambire kuphunzira, koma chimene mwafunsa inu chili kutsogolo, m'timitsinje tating'ono todutsa m'zigwa za udzu, momwe trout imabadwira yokha. Yaikazi imakumba kachisa ndi mchira pansi pa nsangalabwi, n'kuikiramo mazira, madzi ozizira n'kumadutsa pakati pa timiyalato. Nsomba yobadwa choncho sinadyetsedwepo ndi munthu, ndipo imaopa chilichonse chodutsa pamwamba pake.

Tsopano za wotsogolera. Chifukwa choyamba n'chachidule: Nyika ndi paki, ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo munthu sangoyendayenda kutali ndi kampu wopanda chilolezo ndi womuperekeza. Kuli akambuku, kuli afisi, nthawi zina njovu. Chachiwiri ndi nkhungu. Zitunda za ku Nyika zimafanana ngati mapasa, ndipo nkhungu ikatsika masana, chitunda chimene munatsikira simuchizindikiranso. Pansi pa zigwa pali madambo ooneka ngati udzu wouma, koma ukapondapo mwendo umalowa mpaka m'bondo. Netiweki ya foni musaidalire.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna muchimvetse bwino, chifukwa ndi chimene ndalama yanu imagula.

Ulendo wanga woyamba ndinafika pa dziwe lina lokongola, madzi ake oyera mbee, miyala yapansi ikuoneka umodziumodzi. Ndinayenda chilili mpaka m'mphepete, monga timachitira ku Malingunde. Wotsogolera wanga, bambo wachikulire wa ku Rumphi komweko, anandigwira pamkono n'kunena chapansipansi kuti, "Adada, dziwe ili latha. Zakuonani kale." Sindinaone nsomba ngakhale imodzi, koma iwo anaona timithunzi tiwiri tikuthawira pansi pa gombe. Tinapita pa dziwe lotsatira, ulendo uno chokwawa, mawondo akunyowa ndi mame, tikuchokera kumunsi kwa mtsinje. Anandifotokozera kuti trout imayang'ana kumene madzi akuchokera, kudikira chakudya chobwera ndi mafunde, ndiye munthu umaidzera kumbuyo. Anandilozera kanjira ka thovu kotsika pambali pa mwala waukulu, pamene madzi othamanga amakumana ndi odekha. "Ikani pamwamba pa thovulo, musakoke, isiyeni ibwere yokha." Kenako anavundukula mwala wa m'madzi n'kundionetsa tizilombo takuda tomatirira pansi pake, ting'onoting'ono ngati njere za mpunga. Anatsegula kabokosi kanga, n'kusankha ntchentche yofanana nato, osati yaikulu yonyezimira imene ndinaikonda ine. Kuponya kwachitatu, chingwe chinangoima njii. Inali nsomba yotalika kupitirira chikhatho pang'ono, mzere wofiirira m'nthiti, timadontho takuda msana wonse mpaka kumchira.

Zinthu zimenezo ndikanazitulukira ndekha mwina patapita maulendo asanu. Mukawerengera mafuta a ulendo umodzi kuchoka ku Lilongwe mpaka Chelinda ndi kubwerera, muona kuti wotsogolera ndiye chotsika mtengo pa zonse. Ndipo ndalamayo imatsala m'manja mwa munthu wa m'mbali mwa paki, amene ali ndi chifukwa chofunira kuti mitsinjeyo ikhalebe yamoyo. Kwa ine chimenecho n'chachikulu.

Pali ntchito imene mungayambe mawa konkuno. Pa kawedzedwe kathu ka masiku onse, chimene chimanyamula chingwe ndi kulemera kwa nyambo kapena kamtovu. Apa n'zosiyana: ntchentcheyo ndi mbedza yokulungidwa ndi ulusi ndi nthenga, ilibe kulemera, ndiye chimene mumaponya ndi chingwe chenichenicho, chokhuthala, ndipo kumapeto kwake kumakhala nayiloni yopyapyala yosaoneka m'madzi. Mkono umakweza ndodo, umaima pang'ono kuti chingwe chitambasuke kumbuyo, kenako umapita kutsogolo. Kuima pang'onoko ndi kumene kumavuta asodzi akale, chifukwa dzanja linazolowera kukwapula. Pitani pa bwalo la mpira m'mawa mphepo isanayambe, mangani kaubweya m'malo mwa mbedza, ikani mbale pamtunda wa mamita 8 kapena 10, muziyesa kugwetseramo. Mitsinje ya kumeneko ndi yopapatiza, safuna kuponya kutali, amafuna kulunjika. Musakaphunzirire izi ku Nyika wotsogolera akudikira.

Ndodo ya mafiti 8 kapena 9, ya nambala 4 kapena 5 (nambalayi imasonyeza kulemera kwa chingwe chimene ndodoyo imaponya), ikukwanirani. Ine zida zotere sindinazipezepo m'mashopu a mu Old Town, ndinachita kutuma mnzanga wochokera ku Johannesburg. Ntchentche zodziwika monga Woolly Bugger, Pheasant Tail ndi Adams n'zokwanira poyambira, ndipo mukazolowera mudzamanga zanu ndi nthenga za nkhanga ndi za tambala, zofanana ndi ngumbi kapena chiwala. Nyongolotsi zisiyeni kunyumba. Nsomba imameza nyongolotsi mpaka m'mimba, ndipo yotero simungaibwezere m'madzi ili moyo.

Inde, ndati kubwezera. Ndikudziwa kuti kwa ife amene tinakula tikuwedzera ndiwo, kugwira nsomba n'kuitaya kumamveka ngati misala. Koma kamtsinje kozizira ka pamwamba pa phiri kali ndi chakudya chochepa, nsomba zake n'zowerengeka, ndipo anthu ochepa okha okhala ndi matumba angakakokolole sabata imodzi. Phwanyani kaminga ka mbedza ndi pulayala kuti izituluka mosavuta. Nyowetsani manja musanaigwire, chifukwa dzanja louma limachotsa ulenda umene umaiteteza ku matenda. Musaitulutse m'madzi nthawi yaitali. Iyang'anitseni kumene madzi akuchokera, muigwire mofatsa mpaka itadzichokera yokha. Ndipo musadzayese kunyamula trout yamoyo kukaiika m'mtsinje wina. Ndi mlendo wodya tizilombo ndi tinsomba ta eni dziko, ikhale momwe ili kale. Mukafuna nsomba yathuyathu yolimbana pa mbedza, mpasa ya mu Bua ku Nkhotakota iliko, tidzakambirana tsiku lina.

Trout imaswana nyengo yozizira, ndiye miyezi imeneyo muisiye. Musananyamuke imbirani a ku paki kapena a malo ogona ku Chelinda, akuuzeni masiku amene kuwedza n'kololedwa, mtengo wa chiphaso, ndiponso akusungireni wotsogolera amene amawedzadi, poti si aliyense wodziwa njira za mbidzi ndi ntchefu amene amadziwanso madzi. Tengani juzi yokhuthala ngakhale mukuchoka mu Lilongwe thukuta lili kamukamu, jekete la mvula, zovala zosawala, ndi masokosi ena ouma m'pepala la pulasitiki.