Singano zimenezo ine zinandigoneka m'chipatala masiku asanu

Achemwali, ndangowerenga theka la uthenga wanu, woti phewa likukupwetekani ndipo Lachisanu mukufuna kukabayidwa singano, mtima wayamba kale kugunda. Musapite Lachisanulo musanamve zanga. Singano za paphewa akukuuzanizo, zomwe akuti dry needling, ine ndinabayidwa katatu, ndipo kachitatuko ndinatsala pang'ono kutsirizikira mu kombi (minibasi) ya ku Dzivarasekwa, kuno ku Harare. Ena muno mukukumbukira nthawi ija ndinasowa kutchalitchi mwezi wathunthu, anthu n'kumati ndapita kumudzi ku Dedza. Ku Dedza kuti? Ndinali gone ndi paipi m'nthiti.

Phewa langa linayamba ngati lanu lomwelo. Ntchito yanga yosoka mukuidziwa. Disembala ndi Januwale ndi nyengo ya mayunifomu, magetsi akabwera 10 koloko usiku ndimakhala pa makina mpaka tambala woyamba, khosi chiweramire. Panatuluka kamfundo kolimba pakati pa khosi ndi phewa lakumanja, ukakadina ululu umakwera kuseri kwa khutu mpaka m'mutu. Ndinamwa mapiritsi mpaka m'mimba munayamba kuotcha. Kuthowa ndi madzi otentha, kupaka zotentha zija, palibe. Apongozi anafika ponena kuti tipeze munthu anditemere mphini. Ndiye kasitomala wanga wina anandiuza za mnyamata wa m'tauni, ali ndi kachipinda pamwamba pa sitolo, amatikita anthu a ku jimu komanso amabaya singano. Madola 20 ulendo umodzi. Ndinati mphini ayi, koma izi ndi zachizungu, tiyeni.

Ndisanamizire munthu, maulendo awiri oyamba zinandithandiza. Singano yake ndi yopyapyala kuposa ya pamakina anga, ilibe bowo, mulibe mankhwala, n'chifukwa chake amati youma. Akailowetsa pakamfundo paja mnofu umadumpha wokha ngati nkhuku yongozinga kumene. Mawa lake phewa limakhala ngati wina wakukhoma chibakera, koma mkuja wake ndinkatembenuza khosi bwinobwino, ndinagona tulo kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri. Patatha masiku asanu kapena asanu ndi limodzi ululu unkabwereranso, ine n'kubwereranso ndi madola anga.

Ulendo wachitatu ndinamupeza ali pa foni, akukangana ndi wina za ndalama za lendi. Foni waipana pakati pa khutu ndi phewa, dzanja lina akung'amba kapepala ka singano. Maulendo oyamba aja ankatsina mnofu n'kuukweza m'mwamba ndi zala asanabaye. Tsikulo sanatero. Anandigoneka chafufumimba, anatenga singano yaitali, n'kulunjika nayo pansi, pafupi ndi fupa lakumbuyo kwa phewa. Ndinamva kulasa kwachilendo, mkati mwenimweni, ndipo ndinakhosomola. Ndinamuuza. Iye osachotsa n'komwe foni kukhutu akuti, "Ndi mnofu ukumasuka umenewo mother, pumani." Ndinalipira, ndinathokozanso. Kuthokoza!

Kuyenda kupita ku Copacabana, kokwerera makombi, ndinkangomva ngati ndameza mphepo. Mu kombi ndinakhala mpando wakumbuyo, anthu anayi, chikwama cha nsalu pamiyendo. Tikudutsa pa Showgrounds kachifuwa kouma kanayamba. Pofika pa National Sports Stadium, nthawi iliyonse ndikakoka mpweya zinkakhala ngati munthu akundilowetsa sizasi pansi pa bere lakumanja n'kutulukira kumsana. Ndinayamba kupuma pang'onopang'ono ngati ndikupsontha tiyi wotentha, chifukwa kupuma kwenikweni sikunkatheka. Thukuta kamukamu, bulauzi yonse kunyowa, koma manja ozizira. Hwindi, kondakitala wa kombi, akuitanitsa ndalama, ine zala zikukanika kutsegula kachikwama. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa m'Chishona ngati ndili bwino, ine akuti ndinamuyankha m'Chichewa, sindikukumbuka n'komwe. Chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinayamba kuwerengera m'mutu ngati ndinapereka ya beriya, gulu lothandizana pa maliro, mwezi umenewo, ndi kuganiza kuti ana anga azikandiona ku Mbudzi, kumanda kwa eni, amayi anga ali ku Dedza osandiponyera ngakhale dothi. Zonsezi kombi ikuliza wailesi, wina kutsogolo akudya chimanga chootcha.

Kunyumba bambo a ana akuti ndi mphepo imeneyo, imwani madzi a mandimu mugone. Kugona kwake kuti? Ndikati ndigone chagada mpweya umathawiratu. Ndinakhala tsonga pampando mpaka cha m'ma 1 koloko, pamene mwana wanga wamkulu anati amayi milomo yanu yasintha mtundu, n'kuthamanga kukagogoda kwa aneba a galimoto.

Kuchipatala anandijambula pachifuwa. Dokotala wake wachinyamata anandifunsa, mwagwa? Mwamenyedwa? Mumasuta? Munadwalapo TB? Zonse ayi. Za singano ndinali ndi manyazi kunena, ndinazitchula pomaliza ngati nkhani yongodutsa. Anaika cholembera pansi. Anandionetsa chithunzicho, mbali yakumanzere phapo lodzaza bwino, yakumanja lafwaphira pakati ngati chibaluni chophwa. Anandifotokozera kuti nsonga ya phapo imakwera mpaka kupitirira kafupa kopingasa ka pansi pa khosi, ndipo kumsana, pakati pa nthiti, phapo lili pafupi kwambiri ndi khungu, makamaka kwa ife owonda. Singano ikaboola kachikopa kokuta phapo, mpweya umatulukira m'chifuwa n'kumalipanikiza, ndipo nthawi zina zizindikiro zimachedwa maola angapo. Dzina lake akuti pneumothorax. Kabowo kakakhala kakang'ono ena amachira okha, koma langa linali litaphwa kwambiri.

Ndiye paipi ija. Amakubaya ya dzanzi m'munsi mwa khwapa, amacheka pang'ono, n'kukankha paipi yonenepa ngati chala pakati pa nthiti. Ya dzanziyo imagwira pakhungu, koma kukankhako umakumva ndithu. Ndinaitana amayi anga, ine mayi wa ana atatu. Paipiyo imathera m'botolo la madzi lili pansi pa bedi, ukakhosomola madzi amachita thovu, bwububu. Kupita kuchimbudzi umanyamula botolo lako m'munsi ngati chigubu cha palafini, anesi akukuchenjeza kuti usalikweze kupitirira chifuwa. Masiku asanu. Kunja sukulu zikutsegulidwa, mayunifomu 30 ali odulidwa osasokedwa, makolo akuimba foni. Ena ndinawabwezera ndalama zawo, ena sanabwerenso kwa ine mpaka lero.

Nanga mnyamata uja? Ndinamulembera ndili pabedi pomwepo, ndinamutumizira ndi chithunzi cha botolo. Anawerenga, zii. Tsiku lachiwiri akuti, "Mwina munali ndi TB kale mother, singano zanga sizifika kumeneko." Sizifika! Ndani anazilowetsa, ine? Ndinadzibaya ndekha kumsana? Kenako anandibuloka. Bambo a ana atapita kukamuona anapeza chipepala chili mufulemu pakhoma, cha maphunziro a masiku awiri. Loweruka ndi Lamlungu, basi munthu wayamba kulowetsa zitsulo pafupi ndi mapapo a anthu. Ine kuti ndiyambe kudula nsalu ya kasitomala ndinakhala chaka chathunthu ndikusoka mabatani ndi mipendero kwa mayi amene anandiphunzitsa. Ngakhale pepani sananene. Ndipo kasitomala amene ananditumiza uja akuti, "Koma ine sizinandichitikirepo." Chabwino mayi, zikomo. Ndikamadutsa pansi pa sitolo ija mpaka pano ndimaona anthu akukwera masitepe, mtima umandiuza kuti ndiime pakhomo ndiziwabweza mmodzimmodzi.

Mwana wa achimwene anga amaphunzira za mafizo ku University of Zimbabwe, ndiye atabwera kudzandiona ndinamukalipira ngati ndi iye anandibaya. Anandisiya ndithe, kenako anayamba kundiwerengera pa foni yake, ndipo ine ndinapitiriza ndekha usiku uliwonse poti tulo panalibe. Nkhani ya timfundoti anaitchukitsa ndi dokotala wa ku America, Janet Travell, yemwe ankasamalira msana wa pulezidenti John F. Kennedy. Iye ankatibaya ndi jakisoni wa mankhwala a dzanzi. Mu 1979 dokotala wa ku Czechoslovakia, Karel Lewit, analemba kuti singano payokha, popanda mankhwala, imachepetsa ululu. Ndi m'mene zinayambira. Koma mpaka lero akatswiri ena amatsutsa zoti timfundoti ndi chinthu chodziwika bwino, chifukwa anthu awiri ophunzira akapapasa phewa limodzi kawirikawiri sagwirizana pamene pali mfundo.

Chinandipweteka kwambiri ndi ichi. Mu 2017 wofufuza wina dzina lake Gattie ndi anzake anaunika kafukufuku 13 wa singano zobayidwa ndi anthu a mafizo. Anapeza kuti zimachepetsa ululu kuposa kungokhala kapena kubayidwa mwachiphamaso, kwa nthawi yofika masabata 12, koma umboni wake si wamphamvu, ndipo woti zimathandiza kwa nthawi yaitali ndi wosowa. Mu 2021 Gattie yemweyo anayesa anthu 77 odwala khosi ngati ife. Onse ankawatikita ndi kuwapangitsa mafizo, ena n'kuwonjezera singano zenizeni, ena zachiphamaso. Anawatsatira chaka chathunthu, kusiyana panalibe. Mwamva? Ine ndinapereka phapo chifukwa cha chinthu choti mafizo okha akanandifikitsa pomwepo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu Disembala 2023 linati singano zikhoza kugwiritsidwa ntchito ngati mbali imodzi ya chithandizo, koma linkanena za msana wam'munsi wopweteka nthawi yaitali, ndiponso linavomereza kuti umboni wake ndi wochepa mphamvu.

Kunena zoona, zimene zinandigwera ine sizichitika kawirikawiri. Ku Ireland, mu kafukufuku wa 2014, anthu a mafizo 39 analemba zonse zochitika pa maulendo 7,629 obaya. Pafupifupi ulendo umodzi pa asanu alionse panali kavuto kakang'ono, monga kutuluka timagazi, kuda pakhungu kapena kuwawa, koma choopsa panalibe ngakhale chimodzi. Ku America mu 2020, pa maulendo oposa 20,000, mavuto aakulu anali 20. Koma amenewo ndi anthu ophunzira zaka, odziwa pamene nthiti yathera. Ndipo ngozi sisankha osauka okha. Ellen White, wosewera mpira wa timu ya amayi ya England, anabooka phapo mu 2021 pobayidwa singano za acupuncture, njira yachitchaina yochizira ndi singano, ndipo iye mwini ananena kuti zimenezo zinafulumizitsa kusiya kwake mpira mu 2022. Munthu wokhala ndi madokotala omuzungulira. Nanga ine wa ku Dzivarasekwa?

Ndiye mukandifunsa, ine ndikuti musapite. Phewa langa linachira ndi zinthu zochititsa manyazi kuzinena. Mayi wa mafizo amene ndinamupeza pambuyo pake anandiuza ndikweze tebulo la makina ndi njerwa ziwiri, ndiike babu pafupi ndi singano ya makina kuti ndisamawerame, ndiziimirira pakatha theka la ola lililonse, ndi kukoka lamba wa labala m'mawa ndi madzulo. Miyezi iwiri, kamfundo kanasungunuka.

Komabe ngati ululu wafika poti simukugona, sindingakuletseni, poti inenso maulendo awiri aja ndinapumulako. Ndiululenso pano, amuna anga asaone, chaka chatha mayi yemweyo anandibaya katumba wa mwendo utakungika chifukwa chopalasa makina a mwendo magetsi kulibe, ndipo unamasuka. Kumwendo kulibe phapo. Paphewa sindidzalolanso mpaka kufa, koma inu mukalola, funsani ngati munthuyo ndi wa mafizo weniweni wolembetsedwa ku Medical Rehabilitation Practitioners Council of Zimbabwe, akuonetseni pepala la chaka chino, ndipo akuuzeni kumene anaphunzira kubaya. Akakwiya ndi funsolo nyamukani. Mufunseni kuti phapo lili pati, akuonetseni ndi chala pathupi lanu. Singano aitsegule inu mukuona, yatsopano, imodzi munthu mmodzi, za HIV ndi hepatitis B tonse tikuzidziwa. Paphewa azitsina mnofu n'kuukweza, foni ikhale m'thumba. Ngati mukumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, kapena muli ndi pakati, nenani asanakukhudzeni. Ndipo mwatchula kuti zala ziwiri zimachita dzanzi. Ine zimenezo ndinalibe. Dzanzi, dzanja kufooka, kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kuwonda, zimenezo ndi za dokotala kaye, mwina vuto lili m'mafupa a khosi kapena mumtsempha, singano ya pamnofu siingakonze.

Mukabayidwa n'kuyamba kukhosomola, kubanika kapena kumva kulasa popuma, kaya ndi pompo kaya ndi usiku wake, musamwe mandimu, musadikire kuche. Pitani kuchipatala, ndipo pakhomo pomwepo nenani kuti mwabayidwa singano paphewa, musachite manyazi ngati ine.

Ngati mwatsimikiza za Lachisanu ndiuzeni ku inbox, nditseka shopu ndikuperekezeni. Ndikakhala m'chipinda momwemo, maso pa zala zake, ndipo pobwerera sitikwera mpando wakumbuyo.