Pikapu yotsitsidwa ikamagunda, yambani mwaona mpata wa axle

Achimwene, mwati chiitsitsireni pikapu yanu yayamba kugunda ndi kudumpha, ndipo mukufunsa ngati ma shock atsopano angathetse vutoli. Ndalamazo zisungeni kaye. Lowani pansi pa galimoto muone mpata umene watsala pakati pa axle ndi karaba kaja ka bump stop kamene kali pa chasisi.

Mukatsitsa kumbuyo mainchesi 4 ndi ma block (zitsulo zoika pakati pa axle ndi masipuling'i a leaf), axle imayandikira chasisi ndi mainchesi 4 omwewo. Pakani girisi pang'ono pa bump stop, muyende msewu umene mumayenda masiku onse, pobwera muone ngati girisiyo wadinda pa axle. Akadinda, ndiye kuti pa kadzenje kalikonse galimoto ikumenya pa raba, masipuling'i asanagwire ntchito yawo, ndipo ngakhale shock yodula chotani singakonze zimenezo. Ikani bump stop yaifupi, yofewerapo. Ngati amene anatsitsa anagwiritsa ntchito flip kit, imene imasamutsira axle pamwamba pa masipuling'i n'kutsitsa mainchesi 5 kapena 6, chasisi imafunika C-notch, kutanthauza kuidula malo ooneka ngati C pamwamba pa axle, kuti axle ipeze polowa, koma apa ndikupempheni ndithu: wodulayo akhale munthu wodziwa kulimbitsa chasisi, chifukwa katundu yense amatsamira pamenepo. Kwa ine, kuikweza inchi imodzi yokha ndi mankhwala otsika mtengo kuposa onse, ndipo odutsa sangazindikire n'komwe.

Mpata ukapezeka, ndiye tikambe za ma shock. Amene anabwera ndi galimoto kawirikawiri amakhala aatali, choncho amakhala opanikizika kale, amagunda m'kati mpaka kutaya oyilo. Yezani kutalika kwake galimoto itaima pa matayala ake, mugule aafupi opangira magalimoto otsitsa, monga a Belltech. Akapendekeka kwambiri sagwiranso bwino.

Kutsogolo mufunse amene anatsitsa kuti anachita chiyani. Ngati anadula ma coil, dziwani kuti sipuling'i ikadulidwa imauma kuposa kale, ndipo yowotcha ndi moto imafooka. Zichotseni. Drop spindle, chitsulo chogwira tayala chimene chimalikweza m'mwamba pang'ono, imatsitsa pafupifupi mainchesi 2 osadya mpata wa sipuling'i, n'chifukwa chake ndimaikonda.

Ambiri amaiwala matayala. La 265/65R17 m'mbali mwake ndi mamilimita 172, la 265/50R20 ndi 132, pamene la 265/40R22 ndi 106 basi, koma onsewa kukula kwake n'kofanana pafupifupi. Raba imene yasowayo ndi imene inkameza timiyala ndi ming'alu ya msewu. Ngati muli pa rimu 22, bwererani pa 20 kapena 18, mudzamva kusiyana tsiku lomwelo. Mpweya popani motsatira kapepala ka pachitseko cha dalaivala; nambala yolembedwa pa tayala ndi malire chabe.

Wina akuuzani kuti muchotseko leaf imodzi pa masipuling'i akumbuyo. Imafewadi, koma mukanyamula katundu idzakhala pansi. Ngati mumanyamula, ma air bag othandizira ndi abwinoko, mumapopa pokhapokha mwasenza.

Kunjenjemera kobwera mukaponda moto ndi nkhani ina, kawirikawiri ndi pinion angle (kupendekeka kwa difu polumikizana ndi propshafti) imene yasokonekera, ndipo timashimu, tizitsulo topendekeka toika pakati pa leaf ndi axle, timakonza. Mabawuti a ma bush mangani galimoto itatsika pa jeke, kenako mukapangitse alignment. Mutiuze anatsitsa mainchesi angati kutsogolo ndi kumbuyo, komanso saizi ya matayala anu.